Matope a Chitsiriza

4 Malichi

Achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Nanga amayi mawondo akupeza bwanji? Kuno tili bwino, mlamu wanu akupereka moni, ndipo kamwana kathu kafika pa msinkhu wa mafunso osatha. Ine ndikuyendetsabe basi yomwe ija, msana ndiwo wayamba kudandaula. Mundilembereko nkhani za kumeneko, ngakhale za nkhuku za aneba, ndazisowa.

Ndili ndi pempho, koma musaseke. Pamwamba pa wadilopu m'chipinda chakuseri pali katoni yomanga ndi chingwe cha buluu. M'menemo muli asilikali aja, tianthu tachitsulo totalika ngati chala chaching'ono, timene ine ndi Chitsiriza tinkamenyanitsa nkhondo patebulo Loweruka, ndi madayisi ndi tepi yanu yoyezera nsalu imene tinkakuberani ija. Mnzanga wa kuntchito, kondakitala, akubwera kumeneko mu Meyi kudzaona makolo ake, ndipo wavomera kundinyamulira.

Mundionereko kaye ngati ali bwino. Ndinawasiya ongounjika, osakulunga, ndiye fumbi, chinyontho, mphemvu, makoswe, zonsezi zikundisowetsa mtendere.

Tsopano izi zikhale za inu ndi ine. Amayi amaganiza kuti asilikaliwo ndi anga chifukwa wogula ndinali ine. Kugula ndinkaguladi, koma wopenta anali Chitsiriza, aliyense ndi dzanja lake. Ine manja anga mukuwadziwa, ngakhale khoma sindingalipente bwino. Mukukumbukira kuti maliro atatha amayi anapereka zinthu zake zonse kwa anthu, malaya, mabuku, ndi kapu yomwe, poti sankatha kuziyang'ana. Katoni imeneyi inapulumuka chifukwa ankati ndi yanga. Ndiye kuti chatsala cha mng'ono wathu pa dziko lino ndi penti ili pa asilikaliwo basi. Tsiku lina mwana anandifunsa kuti bambo ake aang'ono anali munthu wotani. Ndikufuna ndimuonetse.

Musawauze amayi. Dzina lake likangotchulidwa amadwala. Mungoti ndikufuna zidole zanga.

Ndine mlongo wanu.

27 Malichi

Achimwene,

Kalata yanu yafika, ndipo kuseka ndaseka ndithu, mundikhululukire. Bambo wandevu, wa mwana, woyendetsa chibasi chodzaza anthu, kuonda chifukwa cha tianthu tosadya! Koma nditafika kumapeto kuseka kunandithera.

Tili bwino. Mawondo a amayi amawawa pokhapokha ngati palibe pokolopa. Nkhuku za aneba zikudyabe masamba athu, ndipo amayi akuziwerengera milandu. Ine ndapeza ntchito yosoka mayunifomu a sukulu ina yakutali, mwezi wa mawa ndikakapereka ndekha, ndikagona konko masiku angapo.

Katoni ndaitsitsa. Makoswe anangoluma pangodya n'kugwa ulesi. Ndinayala nsalu pa tebulo losokera n'kutulutsa tianthu tanu kamodzikamodzi. Abale inu, mwana uja anali ndi manja! Ndinachita kuvala magalasi. Maso alipo, mabatani alipo, kena kali ndi chigamba pabondo chosokedwa bwino kuposa zigamba zanga. Misozi itayamba ndinapalasa makina opanda nsalu kuti amayi asamve.

Koma ndikuuzeni zoona, tada kwambiri. Nsapato ndi matope okhaokha, malupanga achita dzimbiri, zikhoti zathimbirira m'munsi, tina mpaka kumaso. Kaya ndi chinyontho cha m'chipinda chija, kaya.

Vuto ndi pakamwa pangapa. Amayi analowa ndili mkati moyang'ana, ine osaganiza n'komwe ndinati, "Mwana wanu akufunsa ngati zidole zake sizinadyedwe ndi mphemvu." Mukanaona nkhope! Akuti, "Mphemvu? M'nyumba mwanga muno? Wapita kunja dzanadzanali, lero tasanduka anthu auve?" Kenako anawerama, kuyang'ana kwa nthawi, n'kungoti "Mhm," basi n'kutuluka. Kumeneku kunali kuona kwawo koyamba. Mukudziwa kuti zaka zonse zija m'chipinda chakuseri sankapondamo mukamasewera, ndipo alendo akafunsa ankati anyamata akukonza mawailesi.

Zija sindinawauze. Mundilembere kakulungidwe kake, ine ndidikira.

Mlongo wanu, mwini tepi.

15 Epulo

Achemwali,

Moni ndipereka kumapeto, ndikulemba mothamanga pa depoti.

MUSAWAPUKUTE. Musawatsuke, musawakhudze ndi kansalu konyowa, chonde. Matope amenewo si uve, dzimbirilo si dzimbiri, zonsezo anachita kupenta Chitsiriza. Ankati msilikali woyera ndi wabodza, sanapiteko kunkhondo. Ankatapa dothi kuseri kwa nyumba pafupi ndi mpopi, kulisefa ndi sefa ya tiyi ya amayi, kusakaniza ndi guluu ndi penti, n'kumapaka nsapato imodziimodzi ndi kaburashi kowonda ngati nsidze. Msilikali mmodzi ankatha naye sabata. Ndikamufulumizitsa ankati, achimwene, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choopsa n'chakuti sanawapake vanishi, mankhwala oonekera aja otchinjiriza penti. Ankati adzapaka onse pamodzi gulu likakwana, ndiye matenda anafika gulu lisanakwane. Penti imeneyo yangokhala pamwamba pa chitsulo, ngakhale chikhadabo chikhoza kuichotsa.

Kakulungidwe ndi aka. Mupeze chitini cha mabisiketi. Mudule siponji ya khushoni yakale yokwana m'chitinimo, muboole timaenje, msilikali aliyense nyumba yake, asakhudzane. Powanyamula muzigwira kutsinde kumene aimapo, osati kumutu. Thonje ayi, limakola malupanga. Nyuzipepala ayi, inki imamatirira. Jumbo ayi, imachita thukuta. Pamwamba muike siponji ina, mutseke, ndipo chitinicho chisakhale padzuwa kapena pafupi ndi moto.

Amayi muwauze kuti za mphemvu zija sindinatanthauze choipa. M'nyumba mwawo ngakhale ntchentche imavula nsapato pakhomo.

Moni kwa nonse. Muyankhe msanga kuti mtima ukhale pansi.

Mlongo wanu.

16 Epulo

Mwananga,

Ndine mayi ako. Ndalemba ndekha poti mlongo wako wapita kukapereka mayunifomu, ndiye zilembo zokhotazi uzipirire. Uli bwanji? Mpongozi wanga ali bwanji? Mdzukulu wanga wanenepa? Chithunzi chake unalonjeza chija chikubwera wapansi eti?

Ndamva kuti ukuopa uve wa m'nyumba mwanga. Poyamba ndinapsa mtima. Koma nditaziona zidole zakozo ndinachita manyazi, chifukwa unanena zoona. Zinali zosapenyeka. Zinthu za mwana wanga, zosungidwa pansi pa denga langa, zikafike kunja zili matope chonchija, mpongozi atsegule aone? Adzati mayi wake ndi munthu wotani? Ayi, ine ndikadali moyo zimenezo sizingachitike.

Ndiye ndagwira ntchito. Ndinatereka madzi, kuthira sopo waufa, kuziviika m'beseni kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, kenako n'kuyamba ndi mswachi wakale. Matope ake okanika, mwana iwe, ngati munthu anachita kumata dala. Pokanikitsitsa ndinathira sipiriti. Utoto nawo unachoka, unali wofooka kale, ukanangosuluka m'njira. Usadandaule, pansi pake pali chitsulo chokongola, zikuwala ngati masipuni atsopano. Ndatsuka zonse kupatula kamodzi kamene kanali koyera kale, sopo sindiwononga pachabe. Ndaziyanika padzuwa ndipo ndazikulunga m'thonje bwinobwino. Ukapentanso ukapeza mpata, mesa penti kumeneko ndi yosasowa.

Msana wandipweteka koma mtima uli m'malo. Masewera anu aja sindinawakondepo, iwenso ukudziwa, amuna akuluakulu kumawerama pa zidole anzanu akumanga nyumba. Koma chako ndi chako, ndipo chotuluka m'nyumba mwanga chimatuluka choyera.

Uzivala juzi.

Mayi ako.

6 Meyi

Achimwene,

Landirani moni, ngakhale sindikudziwa ngati mukuufuna. Kalata yanu ndi ya amayi zinasemphana m'njira, ndiye pofika lero mwamva kale.

Nditabwerako ndinapeza katoni ili pa tebulo, yomanga bwino, amayi akumwetulira. Ndinatsegula thonje limodzi, lachiwiri, lachitatu, n'kuleka. Ndimayembekeza kuona kachigamba kaja, ndinapeza chitsulo mbee, nkhope yopanda maso. Ndinalowa m'bafa n'kutsegula madzi.

Kalata yanu itafika ndinaibisa m'kabokosi ka makina. Koma amayi anali ataona envelopu. Akuti, "Wati chiyani mwana wanga, wathokoza?" Ndinayamba kuwerenga modumphadumpha, za moni ndi za ntchentche. Munthu anakubereka sungamunamize. Anandilanda, kuvala magalasi, n'kuwerenga chiimirire. Atafika pa sefa ya tiyi anaima. Akuti, "Sefa yanga inkasowasowa ija?" Kenako anapitiriza mpaka kumapeto, milomo ikuyenda.

"Anapenta ndani?"

Ndinati, "Chitsiriza, amayi."

"Zonse?"

"Zonse."

"Iwe unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Achimwene, bola akanandimenya. Sanakalipe, sanalire. Anapinda kalata bwinobwino, kundibwezera, n'kutuluka kupita kuseri kumpopi, pamene anakhuthulira beseni. Mvula inali itagwa kale kangapo. Anagwada ndi mawondo awo aja n'kumafufuza ndi zala m'ngalande. Ndinati amayi dzukani, madzi akatayika saoleka. Anandiyang'ana mwakuti mwambi wangawo ndinaumeza. Chimene anapeza ndi kabanga kofiira pa simenti, kochepa ngati khobidi. Anatenga beseni lomwe lija n'kuvundikira pamenepo, ndipo mpaka lero salola munthu kulichotsa.

Mawu okha amene anena ndi akuti safunsa anadya phula. Koma phulalo ndinawapakulira ndine. Ndine ndinati tada, ndine ndinatchula mphemvu, ndine ndinachoka n'kusiya zonse poyera pa tebulo, ndikudziwa bwino kuti mayi athu sangagone m'nyumba muli chinthu chakuda. Munandisungitsa chinthu chimodzi chokha, ine telala wamkulu wodziwa kusunga nsalu za eni. Ndili ndi manyazi osowa powaika.

Kondakitala wanu akabwera ndimupatse chiyani?

Mlongo wanu.

20 Juni

Achimwene,

Muli moyo? Mlamu ndi mwana ali bwanji? Wa positi wayamba kutilambalala mwachisoni, poti amayi amamudikira pageti.

Kondakitala anabwera, munthu waulemu, atanyamula chithunzi cha mwana ndi tiyi. Amayi atamva kuti wachokera kwa inu anathawira kuchipinda n'kukhoma, mayi wamkulu kubisala mlendo ngati mwana wakuba shuga. Ndinamufunsa ngati munamupatsira uthenga, anati ayi, munangoti katoni aisiye. Anabwerera chimanjamanja.

Amayi akuti mwawataya, ndipo akuti mukulondola. Chakudya amangotola. Koma chimene chikundiopsa ine n'chakuti asiya kukolopa. Dzulo ndinalemba ndi chala pa kabati, chilembo n'kuoneka, iwo ali pompo, osatenga n'kansalu komwe. Chibadwire sindinaonepo fumbi pa kabati imeneyo.

Ngati mwakwiya, kwiyirani ine. Lembani ngakhale chitukwano, tidzachilandira ndi manja awiri. Chete ameneyu ndiye akuwapha.

Mlongo wanu.

9 Julayi

Amayi,

Ndakupatsani moni. Tonse tili bwino, mdzukulu wanu waguluka dzino.

Sindikunamizani, nditawerenga kalata yanu ndinakwiya. Sindinaimalize n'komwe, ndinafika pa mswachi n'kuiponya m'dirowa. Tsiku limenelo ndinadutsa siteji anthu akuimika, mpaka abwana anandiitana. Koma mkwiyowo sunakhalitse. Chimene chandiletsa kulemba nthawi yonseyi ndi manyazi, amayi. Ndikatenga cholembera ndinkasowa poyambira.

Inu munatsuka zidole zanga zakuda, ndipo munathyoka nazo msana chifukwa cha ine. Amene anakubisirani kuti ndi za mwana wanu ndine. Ndinakhala kuno kutali n'kugamula ndekha kuti simungapirire kumva dzina lake, ndipo ndimafuna kutulutsa chotsala chake m'nyumba mwanu mwakachetechete ngati wakuba. Mwana munabereka ndinu. Ndikanangolemba mzere umodzi, lero bwenzi zonse zilipo. Achemwali asadzipweteke, anangomvera ine.

Mpongozi wanu ndiye anatulutsa kalata ija n'kundiuza kuti munthu sakwiyira theka la kalata. Nditawerenga yonse ndinapeza pamene mwati kamodzi simunakatsuke poti kanali koyera kale. Chiwerengereni pamenepo mtima sukukhazikika.

Chonde mutsegule thonje lonse mufufuze. Ngati ndi kamene ndikuganiza, si msilikali. Ndi mzimayi wa mpango wobiriwira kumutu, epuloni yoyera, dzanja limodzi m'chiuno. Pogula anali ndi mkondo, koma Chitsiriza anadula nsonga yake n'kumata timawaya, mkondo n'kusanduka tsache. M'masewera athu mzimayi ameneyu ankaima pa chipata cha linga, ndipo Chitsiriza anaika lamulo lakuti msilikali aliyense wolowa, kaya ndi mkulu wankhondo, ataye ulendo wake umodzi akupukuta mapazi. Ndinaluza nkhondo zambiri chifukwa cha lamulo limeneli. Tsiku lina ndinati amupakeko matope afanane ndi anzake. Anaseka mpaka kutsokomola, akuti, "Achimwene, awa matope amawaopa."

Ndinu, amayi. Anakupentani mukukolopa panja pa chitseko chathu n'kumatinena.

Ngati ndi kameneko, musatumize. Si kanga.

Ndine mwana wanu.

2 Ogasiti

Mwananga,

Moni. Dzino la mdzukulu wanga musataye. Mpongozi umuuze kuti ndamuthokoza, ali ndi nzeru kuposa tonsefe.

Takapeza. Kanali pansi penipeni. Mlongo wako ndiye anakatulutsa, kugwira kutsinde monga unanenera, ine manja ndinakana. Ndinavala magalasi anga, pamwamba pake n'kuvalanso a mlongo wako. Mpango uja ndi wanga ndithu, wa timadontho toyera uja unapsa ndi ayironi pangodya, ndipo kupsako kulipo. Chipsera cha mafuta pa mkono wanga chilipo. Pakamwa anapakhotetsa monga ndimachitira ndikafuna kukalipa. Mwana wamwano! Kani ankandiyang'ana chonchi ine ndikudutsa pa chitseko chake ngati pali chimbudzi?

Ndalira, mwananga. Pa maliro ake sindinalire chonchi.

Manyazi ako ndawamva, koma usandilande anga. Mwana wanga anali mmisiri m'nyumba mwanga momwe, ine n'kumauza anthu kuti akukonza mawailesi. Tsiku loyamba kugwira ntchito ya manja ake ndinaigwira ndi mswachi. Zimenezi ndipita nazo ndekha. Dzana ndinaitana mayi wa nkhuku uja, ndinamuonetsa, ndinati uyu ndine, anapenta ndi mwana wanga womaliza. Anafuna kugwira, ndinamumenya dzanja.

Asilikali ako tawaika m'chitini cha mabisiketi, aliyense nyumba yake. Khushoni ndinadula ya pa mpando wanga. Mwana wa aneba akubwera kumeneko kusukulu mwezi wa mawa, adzakunyamulira. M'chitinimo mulinso kabotolo ka dothi la kumpopi, ndasefa ndekha ndi sefa ya tiyi. Ukuti manja ako ndi oipa. Penta choncho, ndi mdzukulu wangayo, ndipo matope musaumire. Akafunsa chifukwa chake asilikali a bambo ake aang'ono ali mbee, usamubisire ngati unandibisira ine. Umuuze kuti agogo ake anatsuka.

Kamzimayi aka katsala. Kali mu kabati, mbali yosafika dzuwa, ndakavundikira ndi tambula yagalasi. Kukolopa ndayambiranso, mlongo wako asiye kundineneza, koma pa shelefu imeneyo kansalu sikafika.

Pali chinthu chimodzi. Tisanavundikire, pa phewa pake panagwa kafumbi. N'kochepa, mlongo wako akuti sakukaona, koma ine ndimakaona m'mawa uliwonse ndipo zala zimandiyabwa. Iye akuti tigule kaburashi kofewa. Ndakana. M'nyumba muno munthu wodziwa kugwira zinthu zimenezi mulibe, ndiye upemphe tchuti ubwere udzachotse wekha, mwana ubwere naye adzaone agogo ake awiri, ine ndi wa m'tambulayu.

Ufulumire. Ine manja ndaika kumbuyo, koma ukundidziwa.

Mayi ako.